Gumbagumba ya Bambo ndi Nyimbo za pa Intaneti

Awa ndi mawu amene mnzathu wa gulu lomwe lidalemba mayeso a Fomu 4 m'chaka cha 1999, yemwe tsopano akugwira ntchito m'boma ku Lilongwe, adayankhula pa msonkhano wathu wa pachaka. Tawasindikiza monga adawayankhulira popeza ambiri amene sadafike adapempha kutero.



Poyamba ndithokoze chifukwa cha mwayi umene mwandipatsa woti ndiime pamaso panu. Pamene a Mlembi adandiimbira foni kuti ndidzayankhule, ndidayesa akufuna ndidzakambe za penshoni kapena za kukwera mitengo kwa zinthu. Koma iwo adati: "Ayi achimwene, tamva kuti mudapsetsa chilimba cha ngongole. Dzafotokozereni anzanu kuti asagwe m'mbuna yomweyo." Motero ndabwera ngati mboni, osati katswiri. Ku yunivesite ndidaphunzira za chuma, ndipo mukamva nkhani yangayi mwina muvomereza kuti digiri ija pa tsikulo idali patchuthi.

Ambiri a ife tikukumbukira Loweruka madzulo, titakankhira matebulo kukhoma m'holo yodyera, tikudikira kuti woyang'anira zosangalatsa atsegule bokosi lake la makaseti. Mudali Lucius Banda, Alleluya Band, Lucky Dube ndi kwasakwasa wa ku Zaire. Kaseti tinkaibweza ndi bolopeni kuti tisunge mabatire, ndipo tepi ikaduka tinkailumikiza ndi Cutex wobwereka kwa atsikana. Nthawi imeneyo nyimbo idali chinthu chogwirika. Unkatha kuibwereketsa, kuibisa pansi pa pilo, ngakhale kumenyanirana ndi mnzako.

Lero ana athu sadziwa zimenezo. Iwo amamvera nyimbo m'njira imene Azungu amati streaming. Kunena mwachidule, nyimbo sikhala m'foni mwanu. Imakhala m'makompyuta akuluakulu kutali, ndipo mukaifuna imabwera pang'onopang'ono kudzera pa intaneti uku mukuimva. Kaseti idali ngati mtsuko wa madzi m'nyumba, pamene streaming ili ngati mpopi. Mutsegula, madzi atuluka, mutseka, asiya, ndipo bilu ikubwera. Spotify, imene idayamba ku Sweden mu 2008, idafika kuno kwathu mu 2021. Palinso Boomplay, Audiomack, Apple Music ndi YouTube. Funso limene ambiri a msinkhu wathu tili nalo n'lakuti: kodi nyimbo za m'fonizi tingazimve bwanji bwino pabalaza, osati pa kasipika ka foni kolira ngati nkhululu?

Yankho langa loyamba lidali lopusa. M'chaka cha 2022 ndidalowa m'sitolo ina mumzinda ndi kuona chilimba chachikulu, masipika asanu, magetsi ofiira ndi obiriwira akuphethira ngati khirisimasi. Pabokosi adalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti 5000W PMPO. Wogulitsa adandiuza kuti chili ndi Bluetooth ndipo nyumba yonse idzanjenjemera. Ndidatenga ngongole kuntchito yobweza miyezi 18. Mayi a kunyumba atachiona adangofunsa funso limodzi: "Nanga fizi ya temu ikubwerayi tidzalipira ndi magetsi ophethirawa?"

Chilimbacho chidakhala miyezi 8. Phokoso chidali nalo ndithu, koma mawu a woimba ankamveka ngati akuimbira m'mgolo. Tsiku lina m'nyengo ya mvula magetsi adathima, ndipo pobwera adabwera ndi ukali. Tidangomva kafungo ka waya wopsa. Amisiri awiri adachitsegula nati kabolodi kam'kati kapserera ndipo kena kotere sikapezeka. Ndidapitiriza kubweza ngongole ya chinthu chakufa kwa miyezi ina 10. Akuluakulu adanena kale kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Mmisiri wachiwiri, bambo wachikulire amene wakhala akukonza mawayilesi kumsika kuyambira nthawi ya mawayilesi a Nzeru, ndiye adanditsegula maso. Adatembenuza chilimba chija nandionetsa kachikwangwani kakang'ono kumbuyo, pafupi ndi polowera chingwe cha magetsi. Padalembedwa kuti chimadya mawati 60. Ndiye adandifunsa: "Bwana, inu mwaphunzira. Ng'ombe yodya mtolo umodzi wa udzu ingakupatseni migolo ya mkaka?" Chipangizo chodya mawati 60 sichingatulutse mawati 5000 mosalekeza. Nambala ya PMPO ilibe muyeso umene makampani onse amatsatira, aliyense amalemba monga wafunira. Nambala yoona ndi imene amalemba kuti RMS, ndipo mawati 30 kapena 40 a RMS pa sipika iliyonse ndi okwanira pabalaza la nyumba zathuzi. Dziwaninso kuti mukachulukitsa mawati kawiri, mawu amangokwera ndi madesibelo 3 okha. Kuti khutu limve ngati phokoso lawirikiza kawiri, pamafunika mphamvu yochuluka pafupifupi kakhumi.

Kenaka bamboyo adandifunsa ngati kunyumba kulibe chilimba chakale. Ndidachita manyazi, chifukwa chidalipo. Malemu bambo anga, amene adali mphunzitsi, adapita kukachita maphunziro ku Mangalande ndipo pobwera mu 1984 adabwera ndi ampulifaya ya ku Japan, choimbira makaseti ndi masipika awiri a matabwa. Kumudzi anthu ankangoti gumbagumba ya aphunzitsi. Atamwalira mu 2019, abale adandipatsa ine zinthuzo, ndipo ndidaziika m'chipinda chosungira katundu, kuseri kwa matumba a chimanga. Kawiri konse ndidafuna kuzigulitsa kwa anyamata ogula zitsulo zakutha.

Ndidazinyamula kupita nazo kwa mmisiri uja. Adachotsa fumbi ndi zisa za mphemvu, adatsuka mabatani amene ankakhekhereza, adasintha tizipangizo tingapo tosunga mphamvu ya magetsi timene tidafufuma, ndiponso adamata mwatsopano m'mphepete mwa masipika momwe thovu lake lidafumbwa ndi ukalamba. Zonse pamodzi sizidafike gawo limodzi mwa magawo khumi a ndalama zimene ndidataya pa chilimba chophethira chija. Atayatsa, ndidakhala chete. Gitala ankamveka kumanzere, ng'oma pakati, ndipo woimba ngati waima pomwepo m'kashopu kaja.

Apa ndiye pagona mfundo yanga yaikulu, anzanga. Chimene chasintha m'zaka 40 zapitazi ndi kumene nyimbo ikuchokera. Tidachoka pa mbale za galamafoni kupita pa kaseti, imene kampani ya Philips idatulutsa mu 1963, kenaka pa CD mu 1982, kenaka pa fulashi, ndipo lero pa intaneti. Koma ntchito ya ampulifaya ndi sipika sidasinthe: kulandira mawu ofooka, kuwapatsa mphamvu, ndi kugwedeza mpweya kuti ufike m'khutu. Ampulifaya yabwino ya mu 1984 ikuigwirabe ntchitoyi. Chimene ikusowa ndi kamlatho kochokera ku foni. Musagwetse nyumba chifukwa chofuna kusintha chitseko.

Milatho yake ilipo itatu, ndipo ndiifotokoza kuyambira wotsika mtengo.

Woyamba ndi waya chabe. Mbali imodzi uli ndi kapulagi ka mamilimita 3.5 kolowa pamene timalowetsa mahedifoni, mbali ina uli ndi mapulagi awiri, lofiira ndi loyera, amene amatchedwa RCA. Mumaupeza pamsika uliwonse. Mafoni ambiri atsopano alibe kabowo ka mahedifoni, potsatira zimene Apple idayamba pa iPhone mu 2016, choncho pamafunika kachingwe kena kakafupi kolowa potchajira. Kumbuyo kwa ampulifaya lowetsani pamene palembedwa AUX, CD, TUNER kapena TAPE IN. Chonde musalowetse pa PHONO. Malo amenewo adapangira singano ya galamafoni, imene mawu ake ndi ofooka kwambiri, kotero kuti ampulifaya imawakuza koposa ndi kuwonjezera besi. Mukaikapo foni mudzamva chiphokoso chosweka, ndipo mutha kuwononga masipika. Ngati muli ndi foni yakale imene ili m'dirowa, ipatseni ntchito imeneyi kuti izikhala pomwepo.

Wachiwiri ndi kabokosi kolandira Bluetooth, kochepa ngati bokosi la machesi. Kamalowa pa AUX pomwe paja, ndipo foni imatumiza nyimbo popanda waya, pa mtunda wa mamita pafupifupi 10 ngati palibe makoma ambiri. Ubwino wake n'ngwakuti mutha kusankha nyimbo muli khale pampando. Kuipa kwake n'kwakuti chilichonse cholira m'foni chimamveka pa masipika. Tsiku lina tili ndi alendo a kumpingo, uthenga wa mawu wa pa WhatsApp wochokera kwa mlamu wanga wokhudza ngongole udamveka nyumba yonse. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndatseka mauthenga.

Wachitatu ndi kabokosi kolumikiza ku Wi-Fi, monga timene amapanga a WiiM ndi makampani ena. Apa foni imangolamula, koma nyimbo imachoka pa intaneti kulowa m'kabokosiko mwachindunji. Mutha kuyankha foni kapena kutuluka panja nyimbo ikupitirira, ndipo mawu safinyidwanso kachiwiri monga zimachitikira pa Bluetooth. Koma pamafunika Wi-Fi yokhazikika m'nyumba, ndipo timabokosi timeneti n'toitanitsa kunja. Tonse tikudziwa chimene chidachitikira mitengo ya katundu wakunja kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. Ine ndidayamba ndi waya, patapita chaka ndidagula ka Bluetooth, ndipo mpaka lero sindidaone chifukwa chopitira patsogolo.

Pali chifukwa china chimene ndikukulangizirani kuti mbali ya intaneti ikhale m'kabokosi kakang'ono kapadera. Zinthu zodalira mapulogalamu zimakalamba msanga. Google idatulutsa kachipangizo kotchedwa Chromecast Audio mu 2015, koma mu 2019 idasiya kukapanga. Mu 2020 kampani ya Sonos idalengeza kuti zipangizo zake zina zakale sizizilandiranso mapulogalamu atsopano, ngakhale zidali zikugwirabe ntchito. Ngati kabokosi kakang'ono katha ntchito, mutaya kochepa n'kugula kena. Koma ngati zonse zili m'chimake chimodzi monga chilimba changa chija, kufa kwa mbali imodzi ndi maliro a zonse.

Tsopano tikambe za bandulo, popeza mpopi uli ndi bilu. Pa Spotify mutha kusankha mlingo wa mawu. Mlingo wamba ndi 96 kbps, wapamwamba ndi 160 kbps, ndipo wapamwamba kwambiri, wa olipira mwezi ndi mwezi, ndi 320 kbps. Masamu ake ndi a Fomu 2. Pa ola limodzi, mlingo woyamba umadya mamegabaiti 43, wachiwiri 72, wachitatu 144. Ndiye kuti bandulo ya gigabaiti imodzi ikupatsani maola pafupifupi 23 pa mlingo wamba, koma maola 7 okha pa wapamwamba kwambiri. Palinso mlingo wofanana ndi CD, umene amati lossless, womwe Apple Music idayamba kupereka mu 2021. Pamenepo gigabaiti imatha m'maola atatu kapena kucheperapo. Kumvera nyimbo pa YouTube kanema akuonekera kumadya koposa, chifukwa mukulipiranso zithunzi zimene simukuziyang'ana n'komwe. Amene amalipira pamwezi atha kusunga nyimbo m'foni pamene apeza Wi-Fi n'kumazimvera popanda bandulo, malinga foniyo ikulumikizidwa ku intaneti kamodzi pa masiku 30.

Kodi kusiyana kwa milingoyi kumamveka? Ndidayesa ndi mwana wanga wamkazi. Ndidakhala chofulatira, iye akusinthasintha pakati pa 160 ndi 320 osandiuza. Pa maulendo khumi ndidalondola kasanu, chimodzimodzi munthu woponya ndalama m'mwamba. Khutu la mwana limamva kuyambira mahetsi 20 mpaka 20,000, koma pa msinkhu wathuwu mawu opyapyala kwambiri adayamba kale kutithawa. Musalipirire zimene makutu anu adapuma nazo pantchito.

Chimene aliyense m'nyumba adamva kusintha, ngakhale mayi a kunyumba amene poyamba sankafuna kumva za zilimba, chidali chaulere: kusuntha masipika. Ambirife timaika sipika imodzi m'kabati ya mbale za alendo, ina pansi kuseri kwa sofa, pamwamba titayala kansalu koluka ndi maluwa a pulasitiki. Atulutseni. Atalikirane mamita awiri kapena kuposerapo pang'ono, ndipo mpando wanu ukhale pa mtunda womwewo kuchokera ku iliyonse, ngati mafuwa atatu. Kasipika kakang'ono kam'mwamba kalingane ndi makutu anu mutakhala pansi. Asagunde khoma kapena kulowa pakona, chifukwa besi imachuluka n'kumiza mawu ena onse. Ngati pansi ndi pa simenti kapena matailosi, kapeti kapena mkeka ndi makatani zimachepetsa kubwerera kwa mawu. Onetsetsaninso kuti waya wofiira walowa pofiira ndi wakuda pakuda mbali zonse ziwiri. Mukasemphanitsa pa sipika imodzi, besi imazimirira ndipo woimba samveka pakati. Mawaya odula kwambiri ndi osafunika. Waya wa kopa wokhuthala bwino ndi wokwanira. Ndipo musalumikize masipika anayi kapena asanu pamalo a awiri musanawerenge maomu olembedwa kumbuyo, kaya 4 kaya 8, chifukwa ampulifaya imatentha n'kupsa.

Za magetsi ndalipira kale sukulu yake, ndiye mverani. Magetsi a kuno ndi mavoti 230. Chilimba chochokera ku America chimayembekezera 120, cha msika wa m'dziko la Japan 100. Musanalowetse pakhoma chinthu chimene m'bale wakutumizirani kapena mwagula pa kaunjika, werengani kumbuyo. Safunsa adadya phula. Gulani kachipangizo koteteza, konga kamene timaika pa firiji, kamene kamadikira kaye magetsi akabwera kasanawalole kudutsa. Magetsi akathima, zimitsani pakhoma. Kukachita ziphaliwali, zulani pulagi. Ndipo polankhula za kukweza, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata pa phokoso la madesibelo 80. Ngati mukuchita kukuwa kuti amene wakhala nanu pafupi akumveni, tsitsani. Anansi anunso adzakudalitsani.

Bambo Wapampando, ndisanakhale pansi ndiloleni ndinene mbali imene idandikhudza koposa. Mpopi ndi wabwino, koma tonse amene timakhala m'tauni tikudziwa kuti madzi akasiya, womwa ndi amene adasunga mumtsuko. Nyimbo za pa intaneti si zanu, mukungobwereka. Mukasiya kulipira, zimene mudasunga zija zimatsekeka. Mwini nyimbo atha kuzichotsa tsiku lililonse, monga adachitira Neil Young pa Spotify mu 2022, ndipo sadazibwezere mpaka 2024. Komanso nyimbo zambiri zimene tidakula nazo, za makwaya a m'mipingo, mabandi a m'maboma ndi oimba a banjo amene adajambula kaseti imodzi n'kuzimirira, mukazifufuza simuzipeza. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Mmisiri uja atakonza choimbira makaseti cha bambo, adapeza kuti m'kati mudatsalira kaseti. Pachikuto padali dzanja la bambo: "Amayi pamtondo, 1986." Madzulo ake tidaiika. Kudamveka minsi iwiri ikusinthana, nkhuku chapatali, kenaka mawu a agogo anga akutsogolera nyimbo, amayi ena akuvomera. Chakumapeto bambo akuseka, akuwapempha kuti abwerezenso. Agogo adatisiya ndili Fomu 1, ndipo ana anga adali asanamvepo mawu awo. Wamng'ono adafunsa ngati angaipeze nyimboyo pa foni. Ndidamuuza kuti ayi, padziko lonse lapansi ili pa kaseti iyi yokha. Ndipo ndidakumbuka kuti kawiri konse ndidatsala pang'ono kuipereka kwa ogula zitsulo pa mtengo wa botolo la mafuta ophikira.

Tepi ya kaseti siikhala mpaka muyaya. Kutentha, chinyezi ndi nkhungu zimaidya, ndipo makina oimbira akusowa chaka ndi chaka. Kusamutsa mawu ake sikovuta. Tsukani mutu wa choimbira ndi kathonje konyowetsa ndi spiriti. Tengani waya kuchokera pa LINE OUT kupita ku kompyuta, kudzera pa kachipangizo ka USB kolandira mawu ngati kompyutayo ilibe polowetsera. Pulogalamu yotchedwa Audacity ndi yaulere ndipo imajambula bwino. Sungani ngati WAV kapena FLAC, ndipo sungani malo awiri osiyana. Chofunika ndi kudekha basi, pakuti kaseti ya mphindi 90 imatenga mphindi 90. Izi ndikunena za mawu a m'banja ndi zojambula zathu. Nyimbo za oimba zili ndi eni ake, ndipo bungwe la COSOMA lidakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziteteza thukuta lawo. Tisakhale ife omwaza ntchito zawo pa WhatsApp kwinaku tikudandaula kuti oimba athu amafa osauka.

Choncho pempho langa ndi ili. Mukabwerera kunyumba, kayang'aneni m'chipinda chosungira katundu, pamwamba pa wadiropu, ndi kumudzi kwa makolo. Ngati kuli ampulifaya ndi masipika akale, kawaonetseni kwa mmisiri musanalowe m'sitolo, ndipo musanasaine fomu ya ngongole kambiranani ndi a kunyumba. Ngati kuli makaseti, musataye ngakhale imodzi musanaimve. Ndikudziwa kuti kwaya ya sukulu yathu idajambulidwapo pa kaseti nthawi yathu ija, ndipo wina mwa inu ali nayo. Pa msonkhano wa chaka chamawa ndidzabwera ndi choimbira cha bambo ndi kompyuta, ndipo ndidzakhala pakona apo kuyambira m'mawa. Bweretsani zimene muli nazo.